Madzi mu injini ya dizilo kapena AdBlue: chotsitsadi utsi woipa ndi chiti?

Eni mathiraki ndi mapikapu a dizilo ochokera ku Ulaya amangofunsa funso limodzimodzi: kodi madzi angalowe m'malo mwa AdBlue, mankhwala amadzi omwe amawazidwa mu ekizozi kuti ayeretse utsi? Nyali ya AdBlue yayaka, galimoto yayamba kukana kukoka, ndiye wina pagalaja wanena kuti zida zonse za AdBlue zingochotsedwa n'kuikapo kakiti kopopera madzi, akuti utsi uzituluka woyera chimodzimodzi. Theka la nkhaniyi n'loona. Madzi amatsitsadi mpweya woipa wa NOx, ndipo sitima zikuluzikulu za pa nyanja ya Baltic zinayenda nawo zaka zambiri. Koma njira zolowetsera madzi mu injini ndi zingapo, ndipo yomwe imabwera m'kabokosi ndi kapampu ndi kathanki ndiyo yotsalira pa ntchito imeneyi.

Tisiyanitse kaye utsi. Wakuda uja mumauona thiraki ikamakwera chitunda ndi mwaye, dizilo wosapsa bwino chifukwa mpweya wachepa kapena ma injekita atha. NOx simungaione. Imapangika moto wa m'silinda ukapitirira madigiri pafupifupi 1,500, pomwe nayitulojeni ndi okosijeni za mu mpweya umene injini yakoka zimalumikizana. Imeneyi ndiyo imapweteka mapapo ndi kuutsa mphumu. Tsoka la injini ya dizilo n'lakuti ziwirizi zimakokana: mukaziziritsa moto kuti NOx itsike, mwaye umachuluka, mukauotcha mwamphamvu kuti mwaye uthe, NOx imakwera. Madzi amagwira mbali ya kutentha. Kilogalamu imodzi ya madzi imameza ma kilojoule pafupifupi 2,260 kuti isanduke nthunzi, pomwe kilogalamu ya dizilo imatulutsa pafupifupi 43,000. Nambala ziwirizi zikuneneratu kuti timadontho sitingasinthe kanthu. Pamafunika madzi ambiri ndithu, ndipo ogulitsa samakonda kufika pamenepa.

Kusakaniza madzi m'dizilo momwemo

Njira iyi ndiyo yokhayo yomwe imatsitsa NOx ndi mwaye nthawi imodzi. Madzi amaphwanyidwa kukhala timadontho tosaoneka ndi maso, n'kusungidwa m'dizilo ndi mankhwala omwe amaletsa ziwirizi kulekana, mwina 1 kapena 2 peresenti ya msanganizo wonse. Dizilo wake amaoneka woyera ngati mkaka. Akalowa m'silinda, madzi a m'kati mwa dontho lililonse amawira msanga kuposa dizilo wowazungulira, dontho lija limaphulika, mafuta amamwazika bwino n'kupsa mokwanira. N'chifukwa chake mwaye umatsika. Opanga injini za sitima amawerengera mwachidule kuti 1 peresenti ya madzi imachotsa pafupifupi 1 peresenti ya NOx. Mukathira 20 peresenti musayembekezere zoposa pamenepo.

Mafuta otere anagulitsidwapo ndithu. Kampani ya Lubrizol ku America inali ndi PuriNOx ya madzi pafupifupi 20 peresenti, Elf ku France inali ndi Aquazole ya pafupifupi 13, ku Italy kunali Gecam ya pafupifupi 10. Ogula kwambiri anali eni mabasi a m'tauni, omwe amathira mafuta pa depoti imodzi n'kuwamaliza asanakhalitse. Kukhalitsa ndiko kumaononga msanganizowu: ukangokhala m'thanki, madzi amayamba kutsikira pansi, ndipo pampu ikakoka madzi okhaokha injini imazima kapena kukana kulira m'mawa. Mphamvu nazo zimatsika, poti pampu imatumiza muyezo womwewo koma gawo lina ndi madzi osayaka. Ma injekita ndi pampu za common rail (za injini za dizilo za masiku ano), zomwe zimagwira ntchito mafuta atapanikizidwa pa ma bar 1,600 kapena kuposa, zimadalira dizilo yemweyo kuti zitsetsereke, ndipo madzi akadzipatula m'menemo amabweretsa dzimbiri. Muyezo wa dizilo wa ku Ulaya, EN 590, umalola madzi osapitirira mamiligalamu 200 pa kilogalamu. Msanganizo wa 10 peresenti ndi kuchulukitsa malire amenewo ka 500. Palibe wopanga galimoto angakulipireni pampu itafa ndi zimenezo. Pa sitima amasakaniza pomwepo mafuta akulowa mu injini, ndipo asanazimitse amabwerera ku mafuta okhaokha kuti mapaipi atsukike. Kuthira madzi m'thanki ya galimoto n'kumati mwasakaniza ndi kungoipha injini.

Kupopera madzi m'njira ya mpweya, komwe kuli kakiti kaja

Apa madzi sakhudzana ndi pampu ya dizilo. Nozulo imayikidwa pa paipi ya mpweya, mpweyawo utadutsa kale intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku tebo), n'kumawaza nkhungu yomwe imalowa m'silinda pamodzi ndi mpweya. Kakiti kogulitsidwa ndi makampani ngati Snow Performance kapena AEM kamakhala ndi thanki, pampu ya magetsi yofika ma psi 200 kapena kuposa, nozulo, valavu yoletsa madzi kudutsa pampu isanayatsidwe, ndi kabokosi komwe kamayatsa pampu tebo ikafika pa boost (mphamvu yopanikizira mpweya) yomwe mwasankha. Ambiri amathiramo theka madzi theka methanol, mtundu wa spiriti woyaka. Chiyambi cha luso limeneli si utsi ayi. Ndege za nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, monga Messerschmitt Bf 109 ya ku Germany, zinkapopera madzi ndi methanol kuti zipeze mphamvu yoonjezera kwa mphindi zochepa. Kakiti ka lero n'komweko: ndi kothandiza kuti ekizozi isatenthe kwambiri mukukoka ngolo pachitunda, komanso kuonjezera mphamvu pang'ono.

Tiwerengere. Nozulo ya mamililita 500 pa mphindi imamaliza thanki ya malita 10 m'mphindi 20 ngati ikupopera osalekeza. N'chifukwa chake kabokosi kamangoiyatsa boost ikakwera. Nthawi yonse yotsalayo, m'tauni, pamzere wa magalimoto, pamsewu wathyathyathya, injini ikutulutsa NOx yake yonse osakhudzidwa. Ndipo m'mphindi zomwe ikupoperazo, theka la zolowazo ndi methanol, yomwe ndi mafuta: imayaka, imabwezera kutentha kwina komwe madzi achotsa, ndipo yosapsa imatuluka ku ekizozi pamodzi ndi formaldehyde, mpweya wina woipa. Methanol ikachuluka imayamba kuyaka nthawi yake isanakwane, mphamvu ya m'silinda imakwera modzidzimutsa, gasiketi ya hedi n'kuphulika. Ndi poizoninso, imachititsa khungu munthu akamwa, ndipo moto wake suoneka bwino masana.

Ngozi yaikulu, yomwe siilembedwa pa bokosi, imachitika injini itazima. Tengani injini ya malita 2.5 ya masilinda anayi. Silinda iliyonse ndi mamililita 625. Ngati imapanikiza mpweya ka 17, malo otsala pisitoni ikafika pamwamba ndi mamililita pafupifupi 39, osakwana masupuni atatu akuluakulu. Mpweya umapanikizika, madzi sapanikizika. Madzi opitirira pamenepo akalowa m'silinda imodzi, pisitoni imagunda chinthu chosasuntha, ndodo yolumikiza pisitoni ndi kirankishafuti imapindika, nthawi zina kuthyoka n'kuboola buloko.

Madziwo amafika bwanji? Kawirikawiri thanki imamangidwa kumbuyo kwa pikapu, pamwamba kuposa nozulo. Galimoto yaimikidwa potsetsereka mutu uli kumunsi, kavalavu kaja kagwira kamchenga ndipo sikakutseka bwino. Usiku wonse madzi akudontha m'paipi, akusonkhana pamalo otsika kapena mu intercooler. M'mawa injini imalira bwinobwino, woyendetsa n'kuponda moto, tebo n'kukankha madzi onse aja kamodzi. Njira ina ndi waya wolumikizidwa molakwika, pampu n'kumalandira magetsi kiyi atachotsedwa, kapena kabokosi kofa komwe kamasiya pampu ikuyenda injini ili pa idling. Mtengo wa kakiti ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi wa injini ina, ndipo wogulitsa adzangoti munamanga molakwika.

Amene wasankhabe kumanga, thanki ikhale m'munsi mwa nozulo, kapena paikidwe valavu ya magetsi (solenoid) yotseka yokha magetsi akazima, osadalira kavalavu ka sipuling'i kokha. Nozulo ilowe cha pamwamba pa paipi, intercooler itadutsidwa kale, patali pang'ono ndi manifodi kuti nkhungu isakanikire. Isayikidwe tebo isanafike, chifukwa madontho amadya mapiko a tebo omwe amazungulira kopitirira ka 100,000 pa mphindi. Magetsi a pampu adutse pa kiyi ndi pa switch ya boost, zonse ziwiri. Isapopere injini ili yozizira kapena yopanda katundu, apo ayi madzi amatsikira m'mbali mwa silinda n'kulowa mu oyilo, yemwe amasanduka wotuwa, ndipo akakumana ndi salufa wa m'dizilo amapanga asidi wodya zitsulo. Kumbukiraninso kuti manifodi ya dizilo inapangidwira mpweya wouma: madzi sagawika mofanana, silinda ina imamwa kwambiri ina n'kutsala youma. Mukakayikira kuti madzi alowa, musalize. Chotsani ma glow plug (mapulagi otenthetsa silinda) kapena ma injekita, zungulizani injini kuti iwalavule.

Njira ziwiri za pa sitima

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Wärtsilä ya ku Finland inatulutsa njira yobaya madzi m'silinda mwenimweni. Injekita imakhala ndi singano ziwiri, ya madzi ndi ya mafuta. Madzi amalowa kaye pa ma bar oposa 200, mafuta n'kutsatira. Madzi okwana 40 mpaka 70 peresenti ya mafuta amatsitsa NOx ndi 50 mpaka 60 peresenti, ndipo mukhoza kutseka madziwo injini osasokonezeka. Imeneyi ndiyo njira ya madzi yopangidwa mwaukatswiri kuposa zonse, koma imafuna hedi ndi ma injekita akeake. Ya pikapu kulibe.

Inayo ndi HAM, njira yonyowetsa mpweya wolowa mu injini, yomwe inayamba kugwira ntchito pa sitima ya Mariella ya Viking Line, yomwe inkayenda pakati pa Helsinki ndi Stockholm, mu 1999. Mpweya wotentha wochokera ku tebo umadutsa m'chimthanki momwe mukuwazidwa madzi a m'nyanja. Umatenga nthunzi yokha, mchere n'kutsala. NOx inkatsika ndi 70 peresenti kapena kuposa, koma madzi ofunika ndi pafupifupi katatu kuchuluka kwa mafuta. Sitima ili pamadzi kale, ndiye zake zimatheka. Panalinso chowakopa: kuyambira 1998 dziko la Sweden linkachepetsera msonkho wa m'madoko ndi m'njira zake za pamadzi sitima zotulutsa NOx yochepa. Pamene malamulo a Tier III a IMO, bungwe loona za sitima padziko lonse, anafuna kuti NOx itsike ndi pafupifupi 80 peresenti, kuyambira 2016 ku gombe la North America ndi 2021 ku Baltic ndi North Sea pa sitima zatsopano, opanga injini ambiri anatembenukira ku SCR (kuyeretsa utsi mu ekizozi, monga AdBlue imachitira), EGR (kubweza utsi wina mu injini) ndi injini zoyendera gasi. Madzi paokha sanafike bwinobwino pa mlingo umenewo, ngakhale kwa anthu omwe ali nawo aulere.

Mtengo wobisika ndi madzi enieniwo

Tiyerekeze thiraki yomwe imamwa malita 40 pa makilomita 100. Kuti NOx itsike ndi theka pogwiritsa ntchito madzi, mufunika malita pafupifupi 20 pa mtunda womwewo. Ulendo wa makilomita 1,000 ndi malita 200, mgolo wathunthu, makilogalamu 200 omwe mukanasenza katundu wolipira. Ndipo si madzi wamba. A pamjigo ndi a pampopi ali ndi mchere ndi laimu, zoyera zija zimamata m'ketulo. Zimatseka timabowo ta nozulo, zimamata pa mavalavu, ndipo nozulo yotsekeka theka siiwazanso nkhungu, imangotulutsa mtsinje, tabwerera ku ngozi ija. Ofunika ndi madzi oyeretsedwa opanda mchere, amtundu womwe timathira m'batire. Funsani mtengo wa botolo limodzi la madzi a batire, muchulukitse mpaka malita 200, muone ngati nkhani yoti madzi ndi aulere ikadalipo.

Thiraki yomweyo pa AdBlue imamwa pafupifupi 5 peresenti ya dizilo, malita 2 pa makilomita 100, malita 20 pa ulendo wonse uja. NOx imatsika ndi 90 peresenti kapena kuposa, ndipo imatsika ulendo wonse, osati m'zitunda mokha.

EGR ndi SCR, zomwe galimoto inabwera nazo

EGR sindiikonda ndipo sindibisa. Imabweza utsi wina mu injini kuti moto uzizire, imatsitsadi NOx popanda chothira chilichonse, koma malipiro ake ndi manifodi yodzadza phala lakuda la mwaye ndi oyilo, valavu yokakamira, ndi choziziritsa utsiwo chomwe chikang'aluka chimamwetsa injini madzi a rediyeta. Ubwino wake ndi woti imagwira ntchito ekizozi isanatenthe, pomwe SCR ikadali mtulo.

SCR siikhudza moto wa m'silinda. Injini imaotcha dizilo motentha ndi mosamala mafuta, kenako AdBlue imawazidwa mu ekizozi, imasanduka amoniya, ndipo pa katalisiti, chipangizo chonga zisa za njuchi cha mu ekizozimo, amoniyayo amasandutsa NOx kukhala nayitulojeni ndi nthunzi. AdBlue ndi ureya 32.5 peresenti m'madzi opanda mchere, motsatira muyezo wa ISO 22241. Ili ndi mavuto ake ndipo ndi okwiyitsa. Siigwira bwino ekizozi ikakhala pansi pa madigiri pafupifupi 200, choncho thiraki yongolira pa idling maola ambiri pachipata cha malire imaunjika zoyera zolimba pa nozulo ndi m'paipi. Masensa a NOx amafa ndipo ndi odula. Pa mathiraki a Euro VI, muyezo wa utsi wa ku Ulaya, kompyuta ikaona vuto imadula mphamvu ndi 25 peresenti, mukapitiriza kunyalanyaza imakutsekerani pa makilomita 20 pa ola. Injini zimenezi zinapangidwira dizilo wa salufa 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni), pomwe wofala kum'mwera kwa Africa kuno ndi wa 50 ppm, ndipo wosakanizidwa ndi parafini kapena wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu amafupikitsa moyo wa DPF (fyuluta yogwira mwaye mu ekizozi) ndi katalisiti.

Koma mavuto ambiri a AdBlue amayambira pa chigubu. Kuzizira kwa madigiri -11 komwe imaundana si nkhani yathu, yathu ndi kutentha. Yosungidwa pansi pa madigiri 25 imakhala miyezi 18, pansi pa 30 miyezi 12, pansi pa 35 miyezi 6 yokha. Chigubu chomwe chakhala padzuwa kutsogolo kwa shopu kuyambira Seputembala mpaka Disembala musachikhulupirire. Kusungunula feteleza wa ureya m'madzi a pampopi n'koipa koposa: feteleza ali ndi chodetsa chochuluka chotchedwa biuret ndi mankhwala omuteteza kuti asagwirane, madziwo ali ndi laimu, ndipo zonsezi zimatseka pampu ndi nozulo n'kupha katalisiti, yemwe sakonzeka. Fanulo yomwe yathirapo dizilo kapena oyilo isayandikire. Kachipangizo koyezera kotchedwa refractometer n'kotchipa, dontho limodzi limakuuzani ngati ureya ali pa 32.5. Zoyera za pa nozulo zimasungunuka ndi madzi ofunda, ndipo nthawi zina nyali yomwe makaniko akuti ikufuna pampu yatsopano imazima mukangotsuka pamenepo ndi kusintha fyuluta ya AdBlue.

Ndiye kusankha kuli motere. Pa galimoto ya pamsewu yomwe inabwera ndi SCR, konzani SCR. Kuichotsa n'kuikapo kakiti ka madzi n'kusinthanitsa 90 peresenti ya ulendo wonse ndi kachigawo kochepa ka mphindi zowerengeka, kuonjezapo ngozi yopinda ndodo za pisitoni, ndipo injini yomwe inakonzedwa kudalira SCR imatulutsa NOx yambiri zedi ikatsala yokha. Thiraki yopita kumaiko komwe amayeza utsi ingakugwiritseninso mlandu. Pa jenereta yaikulu yakale ya pampu ya makina, yoima malo amodzi, yonyamula katundu wosasinthasintha, komwe kuli makina osefera mchere m'madzi ndi munthu woyang'anira, kusakaniza madzi pomwepo kapena kupopera nkhungu yoyezedwa kuli ndi nzeru, bola oyilo aziyezedwa pafupipafupi ndipo madzi azitsekedwa mphindi zingapo injini isanazime kuti masilinda aume.

Ngati vuto lanu ndi utsi wakuda, palibe mwa njira za madzi zomwe mungagule yomwe ingalithetse. Yambani ndi fyuluta ya mpweya, yang'anani mapaipi a intercooler ngati akutaya boost, onani ngati valavu ya EGR yakakamira yotsegula, kenako tengani ma injekita akayezedwe pa benchi.